Vinyo wa ku Mponela Amene Adandilanditsa Dimba

Zaka makumi atatu ndidakhala pa chikamwini cha ku Nachisaka, ndipo pa zaka zonsezo palibe tsiku limene ine ndi alamu anga tidapatsana moni mtima uli m'malo. Ndikunena alongo awo a malemu akazi anga, atsibweni a ana anga, eni mbumba pamudzipo. Munthu wamfupi, wa mimba yotsogola, woyenda ngati bakha amene wamva kuti kudambo kwagwa mvula. Anthu amati chilamu ndi nthabwala. Chathu chidali nthabwala yokhala ndi mano.

Nthawi ya chipani chimodzi bambo amenewa ndiwo ankaima pakhomo la msika kutigulitsa makhadi. Ukati ulibe kanthu m'thumba, ankakulanda nkhuku imene wabwera kudzagulitsa. Ine adandigulitsa khadi la mwana amene adali asanabadwe, akadali m'mimba mwa mlongo wawo yemwe. Matipate atabwera ndidati basi, dzuwa lamulowera uyu. Ndidanama. Mavoti atangowerengedwa, alamu adatulukira atavala malaya a mtundu wina, akukweza zala zina, ndipo mwezi usanathe adali atcheyamani a chipani chatsopano m'dera lathu. Birimankhwe amayamba wazengereza posintha khungu. Awa ayi.

Adayamba kupita kumisonkhano ya m'mahotela ku Lilongwe, n'kumabwerako ndi mayendedwe atsopano. Tsiku lina pa mowa wa masese munthu adawapatsira chipanda, iwo adachikankha ndi chala chimodzi.

"Izi n'za matenanti," adatero. "Ine masiku ano m'mimba mwanga mumangolowa vinyo."

Ndidaseka mpaka kutsamwa. Koma mawuwo ndidawasunga.

Akazi anga adamwalira m'nyengo yozizira, chaka chotsatira chisankho chija. Za matenda awo sindilemba, zimenezo n'zanga. Pamaliro alamu adalankhula nthawi yaitali kuposa abusa, theka la mawu awo lili la chitukuko ndi feteleza. Tidaika, tidameta m'meto woyamba, padatsala wachiwiri, wa mowa, umene adaukonza kuti uchitike kumapeto kwa Okutobala. Inu a m'tauni amene mudagula mapuloti, mvetsani bwino apa. Mkamwini alibe dothi. Munda umene walima ndi wa mkazi ndi abale ake. Mkazi akapita, pa m'meto wachiwiri mbumba imakhala pansi n'kuona ngati bamboyo atsale ndi ana ake kapena amusudzule azipita kwawo. Akakusudzula umanyamula khasu, bulangete ndi njinga ngati uli nayo. Mitengo imene udabzala siikwera njinga.

Chimene chinkandiwawa ine si nyumba ayi. Lidali dimba. Pamene ndinkafika pamudzipo malowo adali matope ndi bango, kogona achule, ndipo adandipatsa monyoza kuti mkamwini akalimbane ndi misundu. Ndidakumba ngalande ndi manja angawa, ndidasenza manyowa pamutu, ndidabzala nthochi, nzimbe ndi mapeyala awiri. Madzi ake sankaphwa, ngakhale chaka cha chilala chija pamene zitsime za m'mudzi zidauma gwaa. Zaka zonsezo alamu ankalidutsa osalicheukira. Koma boma litalola kuti ife a m'midzi tizilimanso fodya wa bale, amene kale adali wa maesiteti okha, aliyense adafuna pofesa nazale, ndipo nazale imafuna madzi nthawi imene kumwamba kuli mbee. Dothi la pamanda lisanaume n'komwe, ndidawapeza alamu ataima pakati pa mpiru wanga, akuyeza ndi mapazi.

"Mwataya chiyani, alamu?"

"Ndikungoona dothi la amayi anga."

"Dothi la amayi anu lidali pansi pa madzi. Ili pamwambali ndidasenza ndine."

"Mudzalisenzenso popita," adatero, n'kuthyola nzimbe yanga osapempha.

Kwathu ndi ku Kasakula, ku Ntchisi, kumapiri. Ndidachokako tsitsi lili bii. Kubwererako mutu uli mbuu, wopanda munda, kudali ngati kukagogoda pakhomo la eni ake kupempha mchere.

Mwana wanga wamkazi woyamba, amene adakwatiwa pamudzi pomwepo, adandipeza tsiku lina ndikuthirira.

"Ababa, pitani mukaonane ndi atsibweni m'meto usanafike. Musapite chimanjamanja. Tengani tambala uja, mukagwade, mukalankhule mofatsa."

"Ndikagwadire bakha?"

"Pakamwa panupo ndi pamene padzakupheni, ababa. Amayi ndiwo ankakutsekani. Pano akutsekani ndani?"

"Tambala adya n'kuiwala. Munthu uja nkhuku za anthu adadya zambiri, sizimukomanso. Ndimupatsa chimene amanamizira kuti amachidziwa."

"Chiyani?"

"Vinyo."

Adandiyang'ana ngati ndavula pamsika. "Phikitsani mowa ngati anthu, ababa. Mtsuko umodzi, amayi aakulu ndi ena onse amweko."

Sindidamvere. Pa chinthu chimodzi chokha padziko lapansi ine ndidali mphunzitsi, alamu mwana woyamba kumene a, e, i. Ndinkafuna kupempha ndi dzanja limodzi, kutsina ndi linalo.

Sukulu ndidalekeza Sitandade 4, koma ndidagwira zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba ya mzungu, manijala wa esiteti ya fodya cha ku Malomo, mpaka pamene adapita kwawo kutatsala pang'ono kuti referendamu ichitike. Akazi anga ndi ana ankatsala kumudzi akuyang'anira dimba, ine n'kumabwera pa njinga mwezi ukatha. Ndidayamba ndi kutsuka mbale, kenaka ndidakwera kukhala woperekera zakudya patebulo, wovala zoyera.

Mzungu ameneyo adali woumira ngati mwala wa mphero. Machesi ankawagawa tsiku ndi tsiku. Koma vinyo ankamukonda, ndiye nzeru zake zonse zidathera pa kugula wabwino pa mtengo wa woipa. Popita ku Lilongwe ankanditenga kuti ndikanyamule makatoni, ndipo m'sitolo ankalankhula yekha, ine n'kumatola. Usagule chithunzi, ankatero. Botolo lovala golide ngati mkwatibwi, ndalama yako yathera pa pepalalo. Vinyo wotsekemera kwambiri, shuga akubisa kanthu. Botolo limene laima pawindo padzuwa laphikidwa kale, ngakhale akupatse ulere usatenge. Funa limene lagona chammbali pamthunzi, kuti chitsekerero chake chisaume, ndipo uyang'ane pakhosi ngati silidadonthe. Ankatinso wa ku Kepi ndi yemweyo ndi wa kutsidya la nyanja, kungoti sadalipire sitima. Zina zonse zimene ankanena za mphesa ndi mayina a minda zinkandidutsa pamutu, koma izi zidakhala.

Kulawa ndidaphunzira kukhitchini, pa zotsala m'matambula. Tsiku loyamba ndidalavula. Ndidati anthuwa ali ndi ndalama zonsezi koma akumwa madzi a nthochi yaiwisi. Patapita chaka lilime lidatseguka, ndidayamba kumva zimene zimabisala kuseri kwa kuwawasako: nthudza, ndiponso fungo lija la fodya amene wauma bwino m'chigafa. Pofika chaka chachitatu ndinkadziwa tsiku limene bwana apatsa alendo vinyo wotchipa, ndipo ndinkadziwanso kuti alendowo sawakonda.

Padalinso lamulo la patebulo, limene adandikhomera m'mutu ndi mawu amene sindingalembe pano. Ukatsegula botolo umanunkhiza chitsekerero, umapukuta kukamwa kwa botolo, kenaka umathira pang'ono pokha, kadontho, m'tambula ya munthu wamkulu pa onse. Umabwerera m'mbuyo, dzanja limodzi kumsana, n'kudikira. Iye alawe, agwedeze mutu, ndiye uthirire ena. Umenewo ndiwo ulemu waukulu wa kumeneko, kuti wamkulu ayambe. Woperekera akangoyerekeza kuika mlomo pa tambula pamaso pa alendo, ntchito yathera pomwepo. Ndidachita zimenezo kosawerengeka mpaka manja adaziloweza okha.

Ndiye ndidagulitsa mbuzi yaikazi, n'kuuyamba. Kuboma la Dowa ndidangopeza mowa wamba. Ndidakwera matola kupita ku Mponela, nditakhalira thumba la mtedza wa eni ake. Masiku amenewo katundu wa ku Joni adali atasefukira. Aliyense amene adapeza pasipoti ankakwera basi n'kubwera ndi zikwama zamizeremizere zodzaza sopo, mafuta ophikira ndi nsapato zapulasitiki, ena n'kumanyamulanso zinthu zimene sakuzidziwa n'komwe. M'sitolo ina ya zakumwa kuseri kwa msika ndidapeza zimene ndinkafuna.

Mwini sitolo adali bambo wa tcheni m'khosi, akutokosa m'mano ndi machesi. Adandiyang'ana kuyambira kunsapato zanga za matayala mpaka kuchipewa.

"Madala, masese ali kuseri uko. Kuno n'kwa mabwana."

"Ndamva, achimwene. Ndikufuna vinyo."

"Vinyo? Wa mgonero? Akutumani abusa?"

"Yandituma mbuzi yanga. Tandionetsani."

Adandilozera katoni ya kampopi, ija ya vinyo wa m'thumba. "Uyu ndiye akuyenda. Wambiri, wotsekemera, amayi amamukonda." Kunena zoona, ndikadakhala ndi nzeru ndikadatenga ameneyo, akadakwanira mbumba yonse n'kutsalako. Koma ndidapukusa mutu ngati wandionetsa galu wakufa. Kenaka adatsitsa botolo la pawindo, la pepala lagolide ndi chithunzi cha chinyumba chachifumu. Nditaligwira lidali lotentha ngati lachoka pamoto.

"Uyu ndi wa aphungu, madala. Musaligwetse, simungalikwanitse."

Mtengo wake udali mbuzi yanga yonse ndi chingwe chake chomwe. Chikomekome cha mkuyu, ndidatero mumtima, n'kulibwezera.

Ndikuyang'anayang'ana ndidaona pansi pa shelefu, kuseri kwa makatoni a sopo, mabotolo atagona chammbali, fumbi lili mbuu. Sadawagoneke chifukwa chodziwa ayi. Pamalopo padali pofupika, sakadaima. Ndidawerama ngati ndagwetsa kanthu, n'kusolola limodzi. Wofiira wa ku Kepi, pepala loyera lopanda chithunzi, mtundu umene mzungu uja ankagula pa Khirisimasi pokha. Khosi louma, vinyo wodzaza mpaka pamwamba. Koma nkhope ndidaikwinya ngati ndaponda zoipa.

"Nanga zinyalala izi?"

"Amenewo musavutike nawo. Adandinamiza ku Joni. Aphunzitsi ena adagula limodzi, adabwera kudzanditukwana, akuti likuwawasa ngati bwemba. Akhalitsa, adaonongeka."

"Ndiye mukusungiranji? Ndipatseni ndikatsukire zilonda za ng'ombe."

"Zaulere zidapita ndi chipani chimodzi, madala."

"Nanga kuba ndiye kudabwera ndi matipate?"

Tidakokana mpaka dzuwa lidafika pamutu. Ndidatuluka kawiri, kawiri adandiitana. Pomaliza ndidanyamula awiri pa mtengo umene sukadagula ngakhale theka la botolo lagolide lija, zotsala n'kugulira mchere ndi parafini. Akukulunga m'nyuzipepala adati, "Mukafa musadzanditchule." Ine ndidati, "Inu tsiku limene mudzaphunzire ntchito yanu mudzalira." Mpaka lero ndimati pa zonse zimene ndidagulapo m'moyo wanga, kuyambira njinga mpaka wailesi, malonda a nzeru adali amenewo. Ndidawafungatira pa matola ngati mapasa, n'kukawakwirira mumchenga wonyowa kudimba, pamthunzi wa nthochi.

Ndidatumiza mawu kwa alamu, ndipo adandipatsa Loweruka m'mawa, kutatsala sabata ziwiri kuti m'meto uchitike. Tidakumana pakhonde la alamu anga aakazi, achemwali aakulu a malemu, mayi wamtali wosalankhulalankhula amene mawu ake m'banjamo ankalemera kuposa a wina aliyense. Iwo adakhala pamphasa ndi amayi ena atatu a mbumba ndi mwana wanga uja. Atcheyamani adakhala pampando wa ndalema, atavala jekete m'kutentha kumene kuja.

Ndidagwada, ndidaomba m'manja, ndidalankhula bwino, inu. Ndidati ndine mlendo wanu, mudandilandira, mudandipatsa mkazi, ndakalambira m'manja mwanu, ndiloleni nditsale ndi ana anga ndi kadimba kanga. Amayi ena adapukuta m'maso. Kenaka ndidati ndabwera ndi timadzi toti atsibweni a ana anyowetse kukhosi, poti ndidamva kuti masese adawasiya.

"Tione," adatero alamu.

Ndidatulutsa botolo, matambula awiri agalasi ndi chotsegulira chopotana ngati mchira wa nkhumba, chimene chidanditsatira chokha pochoka kuesiteti. Ndidaika kansalu koyera pamkono. Apa ndiye manja adayamba ntchito yawo osandifunsa. Chitsekerero chidati pho! Ndidachinunkhiza nditatsinzina. Ndidapukuta kukamwa kwa botolo ndi chala chachikulu. Ndidathira kadontho kofiira moderapo, ndidapereka kwa alamu, ndidabwerera m'mbuyo, dzanja kumsana, n'kuima njo, kudikira.

Amayi aja adayang'anana.

Ine ndinkati akuzizwa ndi luso. Ndidamwetulira n'kumwetulira.

Ngakhale wakhanda kwathu amadziwa kuti wobweretsa mowa amayamba yekha kumwa. Umatunga, umamwa pamaso pa onse, kukhosi kuoneke kukuyenda, ndiye upereke. Ndi mmene timanenera kuti mulibe kanthu. Ine ndemwe ndidakanapo chipanda kwa anthu chifukwa sadayambe alawa. Koma tsiku limenelo, kwa munthu amene mudzi wonse unkadziwa kuti sitimwerana madzi, ndidapereka timadzi takuda, tochepa ngati mankhwala, nditakhudza kukamwa kwa botolo ndi chala chachikulu, chala chimene amati anthu oipa amabisamo ndulu ya ng'ona. Ine osalawa. Dzanja lina nditabisa kumbuyo.

"Ababa," adanong'ona mwana wanga. "Ababa, yambani inu."

Ndisanamvetse, alamu adaika tambula pansi pang'onopang'ono ngati muli njoka.

"Alamu, dzanja lili kumbuyolo labisa chiyani?"

"Palibe. Ndi ulemu wa patebulo. Wamkulu ndiye amayamba kulawa, kenaka..."

"Wamkulu ayambe kufa?"

Pamenepo ndikadangotola tambula n'kumwa, nkhani ikadatha ndi kuseka. Koma lilime lidatsogola.

"Kodi kumahotela kwanuko sadakuchitireni chonchi? Kapena ankakuthirirani kukhitchini?"

Alamu aakazi adatambasula dzanja, adatenga tambula ija, adanunkhiza, adakhudzitsa nsonga ya lilime. Nkhope idakwinyika, adalavulira kumbali.

"Chikumanga lilime ichi. Si chakumwa."

"Mwamva?" adakuwa atcheyamani ataimirira. "Vinyo ine ndimamudziwa, amatsekemera ngati uchi! Ichi n'chiyani? Munthu uyu akufuna dimba mpaka kundipha! Kodi mlongo wanga naye mudamuthirira kadontho chomwechi?"

Mawu amenewo. Akazi anga ndidawabereka kumsana kupita nawo kumsewu kukadikira galimoto ya kuchipatala, bamboyu ali kumsonkhano akudya nkhuku. Ndidatola tambula ija n'kugugudiza.

"Kadontho sikapha mwini wake," adatero atcheyamani. "Ngati mulibe kanthu, malizani botolo lonse tikuona."

"Ndi linzake lomwe," ndidatero ine. Palibe adandituma.

Ndidakhala pansi n'kudzaza tambula. Ndipo ndinene pano, poti palibe wina adzanene: vinyo uja adali wabwino. Adaposa aliyense amene ndidalawapo pa zotsala za mzungu. Wosalala, wolemera palilime, akutsika kukhosi ngati njira akuidziwa kale. Ndidamwa mosathamanga, ndikuzunguza tambula, ndikuyang'ana alamu m'maso, iwo akudikira kuti ndigwe. Vinyo woti amwe anthu asanu ndi nyama yootcha ndidamumwa ndekha, m'mimba mulibe kanthu chidyere dzulo, dzuwa likuswa mtengo.

Botolo loyamba lidatsimikiza kuti sindine mfiti. Amayi aja adayamba kumasuka, wina adaseka, ndipo alamu aakazi adati, "Basi alamu, taona, lekani." Mwana wanga adagwira botolo lachiwiri, ine ndidamulanda. Lachiwirilo ndilo lidatsegula nkhokwe ya zaka makumi atatu.

Ndidayamba ndi atcheyamani. Ndidatchula nkhuku za pamsika ndi eni ake omwe. Ndidawafunsa ngati malaya akale aja adawasunga pansi pa matiresi podikira kuti mphepo itembenuke. Ndidati chimene adamwa ku Lilongwe ndi madzi a shuga a ana, ndipo ngakhale atavala majekete atatu adzafa osadziwa kusiyanitsa vinyo ndi mkodzo wa bulu.

"Mukulankhula ndi ndani?" adatero, mimba ikunjenjemera. "Mukudziwa kuti ine ndine ndani?"

"Lero kapena dzulo? Mumasinthasintha, alamu, ndiuzeni ndilembe."

Mpaka apo amayi ankabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Mlongo wawoyo ankamudziwa bwino. Ndikadalekera pomwepo mwina ndikadapambana.

Koma ndidatembenukira kumphasa. Ndidati nanunso amayi inu, zaka zonsezi mwadya nthochi zanga ndi nzimbe zanga osanena zikomo, kumbali mukunditcha wobwera. Ndipo ndidaloza alamu aakazi, mayi amene sadandilakwirepo, amene adasambitsa mtembo wa akazi anga, n'kufunsa pamaso pa onse kuti n'chifukwa chiyani mwana wawo wachitatu ali ndi makutu a kapitawo wa msewu amene adagona pamudzipo chaka chokonza mlatho.

Aliyense ankawadziwa makutu amenewo. Palibe adanenapo mokweza chibadwire cha mwanayo.

Kuseka kudazima. Alamu aakazi adaimirira, adakung'untha chitenje, adalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Zotsatira sindizikumbuka.

Ndidatsitsimuka dzuwa litapendeka, ndili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga, nyerere zikuyenda m'khutu, mwana wanga atakhala pambali maso ali psuu.

"Ndafa?" ndidafunsa.

"Bola mukadafa, ababa, tikadalira mwaulemu." Adamina. "Mukudziwa kuti amayi aakulu adasonkhanitsa amayi onse Lachinayi? Adagwirizana kuti mukhale, dimba likhale lanu mpaka Mulungu adzakutengeni. Atsibweni adakana, amayi aakulu adawauza kuti dothi ndi la akazi, iwo azikalamula kuchipani. Lero ankangofuna mugwade basi, kuti atsibweni asachite manyazi. Mukadabwera ndi tambala. Mukadabwera ndi manja okha!"

"Ndipita ndikapepese."

"Ndapita kale ine. Akuti pakamwa pamene patuluka zija sipadzadyanso za m'dothi lawo."

Ndidapitabe, katatu, chitseko osatseguka. Ndidatuma ankhoswe ndi tambala uja, adamubweza ali chimangire miyendo. Tsiku la m'meto lidafika, mowa udaphikidwa, adandimeta, ndipo amene adanena mawu sadali atcheyamani ayi, adali alamu aakazi eni ake. Tamusudzula, apite kwawo, akafuna kukwatira akwatire. Sadandiyang'ane n'komwe. Atcheyamani ankangoyang'ana kumwamba ngati munthu wosadziwa kanthu. Koma m'mawa mwake ndikumanga katundu panjinga ndidamva zikwanje kudimba. Aganyu a atcheyamani adali atayamba kugwetsa nthochi kuti akonze mabedi a nazale, chonsecho nyengo yofesa idali itapita kale. Ankangofuna ndimve ndisananyamuke.

Mwana wanga adandiperekeza mpaka kumtsinje, n'kundipatsa mbatata zophika m'kansalu. Ndidakankha njinga masiku awiri kukwera mapiri a ku Ntchisi. Ku Kasakula mlongo wanga adandiyang'ana mutu wometa uja, adayang'ana khasu ndi bulangete, n'kufunsa:

"Mwabwera kudzacheza masiku angati, achimwene?"

"Kafunseni mmisiri wa mabokosi."

Sadaseke. Adandisesera kanyumba kamene kale munkagona mbuzi, ndipo kutacha adandilozera kamunda ka pamtsetse, ka miyala yokhayokha, kumene madzi umakatunga kutsidya la chigwa. Ndidawerama, ndidatola mwala woyamba, n'kuuponya chakumwera, kumene kuli Nachisaka. Miyalayo ndi yambiri. Sindinamalize.